Amayi Amene Ankaweta Tizilombo Todya Miyala

Malemu mayi athu, agona apawa, anabadwa pa 9 Epulo 1958. Bambo awo ankagwira ntchito pa ng'anjo yosungunulira miyala ya mkuwa, ndipo utsi wake unawawononga chifuwa mpaka kuwapha.

Mayi anayamba sukulu mu 1965, ndipo mu 1981 anamaliza maphunziro a sayansi ku yunivesite. Chaka chomwecho analembedwa ntchito mu labotale ya pamgodi. Mu 1984 anamanga banja ndi bambo athu, aphunzitsi akhala apowo.

Ntchito yawo inali yoweta mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mwala n'kusiya mkuwa m'madzi, popanda moto kapena utsi. Anzawo ankawaseka n'kumawatcha Make Tizilombo, koma iwo dzinalo analikonda. Nthawi ina magetsi atazima masiku anayi kukuzizira, anabwera ndi mabotolo awo a tizilombo kunyumba n'kuwafunditsa bulangete la bambo. Mlandu wa bulangetewo bambo sanauiwale mpaka lero.

Mu 1997 miyala yabwino inatha, ndipo akuluakulu analengeza kuti mgodi utsekedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Malemu anapempha kuti apatsidwe mulu wa miyala yotayidwa. Anayala mapaipi pamwamba pake n'kumadonthetserapo madzi a tizilombo. Miyezi inayi inadutsa popanda kanthu, mayi anaonda ndi nkhawa. Mwezi wachisanu, madzi otsikira m'ngalande anatuluka obiriwira ndi mkuwa. Ambiri muli pano munalipo tsiku limenelo, ndipo munaona azibambo andevu akulira ngati ana. Mgodi sunatsekedwe, anthu mazana asanu ndi limodzi anakhalabe pa ntchito.

Anapuma pa ntchito mu 2018. Mu 2021 anapezeka ndi khansa ya m'mafupa. Kwa zaka zitatu ululu unawazunza, moti ngakhale kuwatembenuza pabedi tinkachita kupepesa. Lachiwiri pa 12 Novembala 2024, m'mawa, anapempha tiyi, anamwa kapu yonse, n'kutseka maso. Nkhope yawo inamasuka. Sitikubisirani, abale: tikulira, komabe mitima yathu yakhala pansi.

Asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawasambitsa, anzawo a kumgodi amene akhoma bokosi ndi manja awo, ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa.

Mayi, palibenso chokupwetekani. Usani mumtendere.