Ndinayamba ndi imelo ya abwana

Omvera anzanga, ine ndimayang'anira makompyuta pachipatala china chaching'ono ku Nsanje kuno.

Lolemba lina m'mawa anandiitana anthu awiri nthawi imodzi. Abwana ankadandaula kuti imelo yawo sikutseguka. Namwino wopereka mankhwala naye anandiimitsa pakhonde, nati, "Achimwene, kompyuta yathu ikuchita zachilendo, mafailo akusintha okha mayina."

"Dikirani kaye asisitala, ndithane ndi abwana," ndinatero.

Ku ofesi kuja ndinathako ola lathunthu. Pobwerera ndinapeza vairasi itatseka kaundula yense wa odwala. Ndikanangozula waya wa netiweki nthawi yomweyo, zambiri zikanapulumuka.

Pamzere wa odwala panali mayi ena ochokera kutsidya kwa Shire, amene buku lawo lakuchipatala linapita ndi madzi osefukira. Dzina la mankhwala awo sankalidziwa, choncho namwino uja anawauza kuti adzabwerenso Lachisanu. Iwo anangothokoza m'Chisena, "Takhuta," n'kunyamuka padzuwa loswa mtengo lija.

Anzanga a ntchito ngati yanga, muziyamba ndi vuto lomwe likukhudza miyoyo, abwana adikire. Kaundula uja tinamubwezeretsa patatha sabata, koma mayiwo sanabwerenso. Sindikudziwa ngati ali moyo. Mpaka lero ndikamadutsa pamzere wa odwala ndimayang'ana nkhope imodziimodzi.