Basela ya Adadi pa Kasino

Loweruka, kumayambiriro kwa Novembala, kuno ku Wakefield. Ndadzuka wosangalala, chifukwa adadi anandilonjeza kuti lero tipita ku Leeds kukagula jekete langa la nyengo yozizira.

Nditatsika kuchokera kuchipinda changa cham'mwamba, ndawapeza ali pa kompyuta, asanavule n'komwe yunifolomu ya kuntchito kwawo kosamalira okalamba.

"Tabwera, mwanangu, undiwerengere timalemba tating'onoti. Anthuwa akukaniza ndalama zanga."

Nkhani yake ndi iyi: mnzawo anawaonetsa kasino, malo otchovera juga, ya pa intaneti yolonjeza kuti ukaikamo ndalama, imakuwonjezera bonasi. Adadi anayesa ndi basela, ngati ya amayi ogulitsa tomato pamsika kwathu, yomwe umangonyamula n'kumapita. Anaikamo ndalama za jekete lija, kuti zikachuluka andigulirenso nsapato.

Ndawawerengera pang'onopang'ono. Malamulowo akuti sungatapeko kalikonse usanabetche mobwerezabwereza. Adadi anali atayesera kale, ndipo zambiri zinali zitadyedwa.

"Basela yanji yoti uidyere pamsika pomwepo?" Atero adadi akuseka, koma maso ali pansi. Kenako akuti, "Pepa, mwanangu. Amayi ako ndiwauza ndekha."

Sindinakwiye. Ndimangoganiza za nsapato zomwe sindinapemphe, koma iwo anaona okha kuti zanga zikulowa madzi.

Anzanga, muziyamba mwawerenga timalembato musanaike ndalama.

Mawa tikabwerako kutchalitchi, ndiwathandiza kulembera kasinoyo kuti itseke akaunti yawo. Kutchalitchiko ndipita nditavala jekete la adadi. Ndi lalikulu, koma manja ake ndapinda kale.