Foni Yofufuta Paulendo wa ku Houston

Pabwalo la ndege la ku Toronto, pamzere wopita kwa apolisi a m'malire a dziko la America, amene amafufuza anthu opita kwawoko ndege isananyamuke, mayi wina wovala suti ankangoyang'ana foni yake modandaula. Bambo wina anamuyamba.

"Mayi, ndinu loya, eti? Foni yopanda kanthu chonchi amayenda nayo ndi maloya okha."

"Ndafufuta zonse m'mawa uno. Anyamata awa amatsegula mafoni, ndipo zinsinsi za kampani imene ndikuiyimira siziyenera kuonedwa ndi boma."

"Mwachita bwino. Nanga nkhope yagweranji?"

"Ndafufutanso dzina la hotela imene tikazengere mlandu mawa ku Houston. Makampani aakulu safuna khoti, amabisala m'chipinda cha hotela. Ndikapanda kufika, anthu anga aluza mgodi."

"Imbani ku ofesi."

"Nambala inali momwemo."

"Tsegulani imelo."

"Aitseka mpaka nditabwerako. Lamulo limenelo ndinalemba ndekha, ndipo anandiombera m'manja."

"Pepani. Mlandu wake ndi uti?"

"Bambo inu, mukufuna ndiulule chinsinsi pamzere?"

"Musavutike, mayi Kowalchuk. Ndi wa mgodi wa ku Peru. Ine ndine Desrosiers, loya wa mbali inayo. Ndinakuonani pa chithunzi."

"Mulungu ndi wabwino. Tikalimbana mawa, achimwene, lero ndithandizeni. Hotelayo ndi iti?"

"Foni yanganso ndafufuta, mayi. Ine ndakhala ndikukutsatirani kuchokera pomwe munatsikira takisi."