Rauta Yodzukira pa Fulashi

Pa mzere wodikira basi, bambo wina waimvi anali atafungatira kabokosi ka intaneti, kaja amati rauta, kafulashi kosungira zinthu za pa kompyuta kali chibayikire kumbuyo kwa kabokosiko. Mayi amene anaima pambuyo pake analephera kuugwira mtima.

"Pepani bambo, kafulashiko kagwatu. Bwanji osakazula?"

"Ayi mayi, musakakhudze! Moyo wa rautayi uli mmenemo."

"Moyo?"

"Eya. Ine ndili ndi kaofesi kotayipira makalata. Dzana magetsi anathima rautayi ili mkati molandira pulogalamu yatsopano, basi pulogalamu ya m'kati mwake n'kuwonongeka. Ukayatsa, kagetsi kofiira kokha, phethiphethi. Panja anthu khumi akudikira kutumiza makalata ofunsira ntchito, tsiku lotsekera lili lomwelo."

"Mayo ine! Ndiye munatani?"

"Wokonza makompyuta ataiona anati ndikaitaye. Koma mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anati, 'Bambo, tabweretsani kuno.' Anaika pulogalamu ina pa fulashi, n'kuikonza rautayo kuti ikamayaka isamafunenso za m'mimba mwake, izidzukira pa fulashipo. Ola lisanathe, timagetsi tonse biriwiri! Makalata onse anapita. Panopa ndikukamuonetsa wokonza uja, aone yekha maliro akuyenda."

"Koma ndiye muli ndi mpongozi! Anaziphunzira kuti zimenezi?"

"Payekha, pa foni. Foni yomwe ine ndinkadandaula kwa mwamuna wake kuti ikumuchititsa ulesi pakhomo."

"Nanga mwamupepesa?"

"Pakamwa pandilemera, mayi. Ndangomupatsa makiyi a ofesi."