Chimuna Choopa Jakisoni

Aulutsi, ine kulemba sindidziwa, wandilembera ndi mnzanga wantchito zapakhomo kuno ku Nuaija, ku Doha.

Mdzukulu wanga, chimunthu chodzaza chitseko, anali mlonda konkuno ku Doha. Atapeza ntchito yokankha odwala kuchipatala, anamuuza lamulo lakuti wosabayitsa katemera asakhudze wodwala. Mwana uja kuopa jakisoni! Akuti, "Agogo, bola ndibwerere pageti."

Ndinati, "Iwe, kusikelo ndinkakubereka ndine. Tiye!"

Ndinapempha ofu, ndinamuperekeza. Ndinamugwira mutu, kuutsamiritsa pachifuwa panga, n'kumamuimbira ngati khanda. Nesi anangoti, "Khalas, ndamaliza." Iye ali chitsinzinire, "Agogo, auzeni abaye msanga!"

Ndinaliza nthungululu, chipatala chonse cheu! Lero ntchito ija ndi yake.

Anzanga, woopa jakisoni musamuseke, mubwerekeni chifuwa.