ANamiyala Anagwa Mwala Uli M'manja

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1966, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mchimwene wawo wamkulu, m'busa wa mpingo uno. Abale anafuna kuti awerenge wina poti inenso ndine namfedwa, koma ndapempha ndekha. Mundipirire mawu akamandithawa, chifukwa mpaka pano mtima wanga ukukana kuti amene agona m'bokosimu ndi mlongo wanga.

Anayamba sukulu mu 1973. Bambo athu ankayendetsa makina oswa miyala ku kwale, ndipo malemu akapita kukawaona ankabwerako matumba a yunifolomu atalemera ndi timiyala. Mayi anatopa kusoka matumbawo, n'kuwapatsa dzina loti aNamiyala, dzina limene ambiri a inu mumawadziwa nalo. Mu 1985 anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira sayansi ya miyala. M'kalasi ya anthu khumi ndi mmodzi, wamkazi anali iwo okha. Anamaliza mu 1989.

Mu 1990 anayamba ntchito yofufuza malo okumba mijigo. Ankayenda ndi hamala, kagalasi kokulitsira zinthu ndi kabotolo ka asidi. Pa 18 Epulo 1992 anamanga banja ndi alamu athuwa, amene ndi kalipentala. Mu 2004 anasiya ntchito ya kutchire n'kuyamba kuphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi. Kumeneko anapeza ophunzira akuloweza mayina a miyala m'Chingerezi osadziwa kuti akunena chiyani. Iwo anaigawa m'magulu atatu m'chinenero chathu: miyala ya moto, imene inali yosungunuka kenaka n'kuzizira, miyala yosanjikana, yochokera ku matope ndi mchenga, ndi miyala yosandulika, imene inasintha chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka.

Mu 2009 ine ndinalalikira za chigumula chachikulu chija cha m'Malemba. Ndinanyamula mwala paguwa pano, n'kunena kuti mizere imene tikuiona pamene msewu watsopano unadula phiri ndi umboni wa chigumulacho. Mapemphero atatha, malemu ananditsatira kuofesi, n'kutseka chitseko kuti akulu ampingo asamve. Anandiuza kuti ulaliki unali wabwino, koma chimene ndinanyamulacho sichinali mwala. Chinali chidutswa cha konkire chimene anasiya omanga msewu. Mukhoza kuseka, palibe mlandu. Iwonso anaseka mpaka misozi.

Kuyambira pamenepo tinakangana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tinkakangana m'galimoto, pa maukwati, ngakhale pa khonde la chipatala podikira odwala. Ine ndikati mwala, iwo ankafunsa kuti mwala wanji, wa gulu liti, ndautola pati. Ankati munthu amene sangasiyanitse mwala wa moto ndi wosanjikana alibe chonena pa nkhani ya chigumula, chifukwa akuika mboni pa mlandu asanaifunse dzina. Komabe Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yachiwiri ya kwaya. Mawu awo anali akuti sakutsutsana ndi Mulungu, akutsutsana ndi achimwene awo.

Loweruka lapitali, pa 14 Juni 2025, a mumpingo anatipempha kuti tikambirane nkhaniyi poyera m'holo. Tinayamba 2 koloko masana, holo itadzaza. Ndinayamba ndine, n'kuonetsa mwala wokhala ndi zigoba za nkhono umene unapezeka pamwamba pa phiri. Malemu anandithokoza kuti ulendo uno ndabweretsa mwala weniweni. Anadonthezerapo asidi, mwalawo n'kuchita thovu, ndipo anafotokoza kuti ndi wa laimu, wa gulu la miyala yosanjikana. Anavomera kuti unapangikadi pansi pa madzi, koma anati madzi ake sanali a chaka chimodzi. Kenaka ananyamula mwala wina wophwatalala, wokhala ndi ming'alu ngati ya dambo louma. Anati matope sang'aluka ali m'madzi, amang'aluka padzuwa, ndipo pa phiri lija anawerenga mizere khumi ndi isanu ndi iwiri ya ming'alu yotereyi, wina pamwamba pa unzake.

Ali pakati pofotokoza, anatembenukira kwa ine n'kundipempha kuti ndiwagwirire mwalawo poti dzanja lachita dzanzi. Abale anga, ine ndinaseka. Ndinayesa ndi machenjera awo aja ofuna kuti ndinyamule ndekha umboni wonditsutsa. Ndisanatambasule dzanja, anali atagwa, mwala uli m'manja. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma sanatsegulenso pakamwa. Anatisiya Lamulungu pa 15 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 58. Madokotala anatiuza kuti mtsempha wa mu ubongo unaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Dzulo alamu athu apeza mankhwala a matendawa m'dilowa ya mu ofesi ya malemu ku koleji, mabotolo awiri osatsegula. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti akudwala.

Tsopano pali mawu amene andipeza, ndipo sindingakhale pansi ndisanawayankhe. Ena akunong'onezana kuti Mulungu anawakantha chifukwa chotsutsa chigumula. Ndamva kuti enanso atumizirana kanema wa kugwa kwawo pa foni. Ine ndinali pambali pawo. Chimene ndinaona ndi mlongo wanga akupempha thandizo, mchimwene wawo akuseka. Ngati pali wofunika kufunsidwa za tsiku limenelo, ndine. Chikhulupiriro changa pa chigumula sichinasinthe, koma sindilola kuti wina atenge maliro ano ngati umboni wa mbali yanga. Kanemayo mufufute lero lomwe, tisanapite kumanda.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zinayi, mayi athu okalamba amene sitinawauze mpaka Lolemba, ndi ife abale awo anayi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene anawalandira, aneba amene anapereka galimoto, akwaya, amayi amene agwira ntchito kuno masiku atatu, ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku koleji amene anyamula bokosi. Alamu, bokosili mwakhoma nokha ndi manja anu. Ife tasowa mawu.

Achemwali, mwachoka nkhani ili pakamwa, ndipo ine ndatsala wopanda wonditsutsa. Mzimu wanu uuse mu mtendere.