Tepi Imene Ndinawathamangitsira Abambo Mhango

Zaka zija matipati atangolowa kumene m'dziko muno, Biwi asanathithikane chonchi, ine ndinali mnyamata wapakamwa, ndipo ntchito yanga inali yomasulira mafilimu m'vidiyo shoo ina kuseri kwa msika. Inu ana a lero aliyense ali ndi kanema wake m'thumba, mumaonera nokhanokha mutatseka makutu ndi tizingwe, koma ife tinkaonera pamodzi, m'chisakasa cha makatoni ndi mapulasitiki akuda, pa mabenchi olumana ndi nsikidzi, sikirini imodzi, deki imodzi, thukuta la mnzako likukudonthera paphewa. Ine ndinkaima pambali pa sikirini n'kumauza anthu zimene azungu akunena. Ndiulule lero, poti imvi sizinama: sukulu ndinalekera Sitandade 5. Zambiri ndinkangopeka, anthu n'kumaseka, ine n'kumadziona ngati mphunzitsi wamkulu.

Tsono kunabwera tepi ina, filimu yakalekale ya nkhondo, ya asilikali okhala m'sitima yoyenda pansi pa nyanja. Chiyankhulo chake sichinali n'Chingerezi chomwe, timawu ta Chingerezi tinkangodutsa m'munsi ngati linthumbu, ine osagwirapo n'kamodzi komwe. Tinkati anthu aikana, poti munalibe karate, munalibe mkazi wovina, koma ndikukuuzani, inadzaza chisakasa masabata angapo, ndipo shoo ikatha anthu sankabalalika msanga, ankaima padzuwa pomwepo n'kumakangana.

Amayi a Dolesi, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa chisakasa chathucho, analowa kamodzi n'kutuluka atagwira m'chiuno. "Abale inu, amuna onse aja m'chimgolo chimodzi, osasamba, ndevu ngati mbuzi! Koma ndawamvera chisoni ngati obala ndekha. Kodi amayi awo akudziwa kuti anawo ali pansi pa madzi?"

Jemusi kondakitala iye anagomera mkulu wa sitimayo. "Uyo ndiye dalaivala, amayi! Mabomba akugwa pamutu, iye osatukwana, diso lili pa kageji koonetsa kuya kwa madzi basi. Wanga uja tayala likangophulika amayamba kuitana amake ku Ntcheu."

Ena ankati tisawachemerere, poti zikumveka kuti anali a mbali yoipa pa nkhondoyo, koma mmisiri wina wa nsapato anawadula pakamwa: "Munthu akamamira sufunsa chipani chake." Ndipo onse ankagwirizana chimodzi, kuti filimuyo ikatha umatuluka ukupuma mwadyera, mphepo ya fumbi ya m'Biwi ikukoma ngati tiyi wamkaka.

Koma munali chigawo chimodzi chimene chinkandisautsa ine. Sitima yavulazidwa, yatitimira mpaka pansi penipeni, injini zazima, ndipo amuna aja angokhala duu nthawi yaitali, kumangomveka madzi akudontha ndi chitsulo chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Nanga womasulira amasulira chiyani anthu akakhala chete? Poyamba ndinkathirapo nthabwala: "Uyu akufunsa kuti waphwisa muno ndani!" Anthu n'kufa nalo phwete. Kenako ndinapeza nzeru ina, yodina batani n'kuthamangitsa tepi kuti tifike msanga pamene sitima ikuyandama, shoo ya karate iyambe nthawi yabwino.

Mvetserani tsono, apa ndi pamene pali tchimo langa.

Kunali abambo ena, a Mhango, a ku Rumphi, mlonda wa pa golosale, ovala jekete ngakhale mu Okutobala, amene unyamata wawo unathera m'migodi ya ku Joni. Filimuyi anaionera kangapo, okha, ndipo nthawi zonse ankakhala pafupi ndi khomo. Loweruka lina masana anabwera ndi akazi awo, a Nyagondwe, mayi wa mpingo amene anali asanapondepo m'vidiyo shoo chibadwire. Titafika pa chigawo chija, ine chala pa batani, tepi n'kuyamba kuthamanga.

Abambo Mhango anaimirira, chipewa chili m'manja. "Mwana wane, bwezani tepiyo. Pamenepo ndiye pali filimu. Bwezani, ndipo mukhaleko chete pang'ono."

Chisakasa chonse chinandiyang'ana. Ndikanabweza sindikanataya kanthu, koma ndinamva ngati andivula pagulu, ndipo lilime, paja lilibe fupa, linathamanga kuposa tepi ija. "Adada, kuno si ku Rumphi! Mukufuna kuonera anthu okhala chete? Pitani kumanda, kumeneko sikulipiritsa. Tawaonani a Bwezani Tepi!"

Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedezeka.  Abambo Mhango anavala chipewa n'kutuluka, akazi awo pambuyo atagwira pakamwa ndi chitenje. Ndipo dzinalo linamera mizu, moti pofika sabata yotsatira ana onse a m'njira ya ku golosale ankawakuwiza kuti, "A Bwezani Tepi! A Bwezani Tepi!"

Lolemba m'mawa ndikusesa m'chisakasa, ndinangoona a Nyagondwe aima pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Sindinabwere kudzakangana nanu ayi. Bambo aja ndakhala nawo zaka zambiri, tabala ana, takwatitsa. Chibwerere ku Joni sagona chitseko chili chotseka, mu minibasi sakhala kumbuyo, ndipo ndikafunsa kuti kunachitika chiyani kumeneko amangoti palibe. Loweruka lija anandiuza kuti, 'Vala, tiye ukaone zimene pakamwa panga pakukanika kunena.' Ndiye ndinavala, ndinabwera. Sindinaone kanthu."

Anatembenuka n'kumapita, ine tsache lili m'manja.

Mukuganiza kuti ndinathamangira kukapepesa? Ayi ndithu. Ndinkati mawa, ndinkati mwezi ukatha, ndikawaona patali ndinkakhotera m'kanjira ka kuchigayo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ana inu, ndipo ine ndinakhala kuunako mvula ziwiri zathunthu. Anandidzutsa ndi Amayi a Dolesi tsiku lina akundipatsira chitumbuwa: "Iwe Layisoni, ukudziwa kuti abambo ako aja unawatcha dzina asiya ntchito? Chifuwa chawagwetsa, ndipo maso nawo akuchita khungu. Uzidya bwino."

Chitumbuwacho sichinatsike. M'mawa mwake ndinapempha mwini shoo, ndinabwereka wilibala, ndinakweza sikirini, deki ndi batire ya galimoto, tepi ija ndinaifukula pansi pa katoni itachita nkhungu m'mbali, n'kukankha mpaka kwawo. Ndinawapeza atagona pa mphasa m'chipinda chochezera, chitseko chili pululu, ataonda ngati bango.

Ndinagwada. "Adada, ndine Layisoni wa ku vidiyo. Ndinakulakwirani. Ndabwera kudzabweza tepi ija."

Anakhosomola nthawi yaitali. "Mwachedwa, mwana wane. Maso anapita."

"Ikani basi," anatero a Nyagondwe, akukhala pansi pambali pawo. "Anga alipo."

Ndinaika pa chigawo chomwe chija, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito yanga ndinatseka pakamwa. Madzi anayamba kudontha. Chitsulo chinalira. Ndinaona dzanja la abambo Mhango likufufuza pa mphasa mpaka linapeza la akazi awo.

"Wamva?" anatero. "Mwala umalira choncho usanagwe. Tinali asanu ndi mmodzi mumgodi muja, njira itatsekeka kumbuyo kwathu. Tinazimitsa nyali kuti zikhalitse. Palibe ankayankhula, chifukwa ukayankhula ukudya mpweya wa mnzako, ndiponso sungamve ngati akukumba. Pambali panga panali Sandalamu wa ku Dowa, mwendo uli pansi pa mwala. Ankagogoda paipi ndi sipanala, kugogoda, kumvetsera, kugogoda. Atatopa anandipatsa sipanalayo. Ndinagogoda ine mpaka anatipeza, koma pamene ndinati, 'Sandalamu, afika,' anali atazizira kalekale, ine osadziwa, nditamutsamira."

Pa sikirini amuna aja anali chikhalire chete, nkhope zili nyowe, maso kudenga. A Nyagondwe ankayang'ana iwo, n'kuyang'ana amuna awo, misozi ikutsika osaipukuta. "Ndiye zaka zonsezi munkasenza nokha?"

"Nanga ndikanayambira pati, Nyagondwe?"

Ine filimu imeneyo ndinaionetsa kosawerengeka, koma kuionera ndinaionera tsiku limenelo. Amene anaikonza, kaya ndi ndani kutali kwawoko, ankadziwa kuti mantha enieni alibe phokoso, ndipo analimba mtima kuwasiya anthu ali chete. Ine mbuli ndinkadula pamene panali mtima wake.

Ndikumanga zingwe kuti ndizipita, abambo Mhango anandiitana. "Yewo, mwana wane. Lero mwamasulira bwino."

Anandikhululukira, inde, koma musaganize kuti zonse zinakonzeka. Anamwalira chaka chomwecho, ndipo tsiku lonyamula maliro kupita ku Rumphi ndinamva mayi wina pamsewu akufunsa mnzake kuti wamwalira ndani, mnzakeyo n'kuyankha mosaganiza kanthu kuti, "A Bwezani Tepi aja." Munthu amene anagogoda paipi pansi pa dziko mpaka kupulumutsa anzake anachoka m'Lilongwe ndi dzina la chipongwe lochokera pakamwa panga. Limenelo sindinathe kulibweza, madzi akatayika saoleka.

Ndiye inu adzukulu anga, muli ndi pakamwa pothwa ngati panga paja, ndimakumvani mukamaseka anthu pa siteji. Sekani, kuseka si tchimo. Koma wamkulu akakupemphani kanthu kakang'ono kooneka kopusa, kaya kusiya chitseko chotsekula, kaya kumusiyira mpando wa kukhomo, chitani kaye, chifukwa chake mudzachimva pambuyo. Ndipo mukalakwira munthu, pitani sabata yomweyo, maso ake akadali openya.